Kagwiritsidwe ntchito ka esniper poika mtengo m'masekondi omaliza a okushoni ya pa eBay

Okushoni ya pa eBay, msika wa pa intaneti umene Pierre Omidyar anayambitsa mu 1995, imakhala ndi nthawi yotsekera yodziwika kale. Wogulitsa amasankha kuti katundu wake akhale pamsika tsiku 1, masiku 3, 5, 7 kapena 10, ndipo nthawiyo ikakwana malonda amatha, kaya ogula anali akulimbiranabe kapena ayi. N'chifukwa chake ogula ena amadikira mpaka patatsala masekondi ochepa kuti aike mtengo wawo, ndipo pali mapulogalamu amene amagwira ntchito yodikirayo m'malo mwa munthu. Imodzi mwa mapulogalamuwa ndi esniper, pulogalamu yaulere yolembedwa m'chinenero cha C, imene ilibe mabatani kapena zithunzi koma imayendetsedwa polemba malamulo mu terminal, windo la pa kompyuta lolembamo malamulo.

Musanaiike pa kompyuta, muyenera kumvetsa kaye mmene eBay imasankhira wopambana, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti amene waika mtengo pomaliza ndiye amatenga katundu, zomwe si zoona. Mukamaika mtengo pa eBay mumalemba ndalama zonse zimene mwakonzeka kulipira, koma anthu ena saona chiwerengero chimenecho. Makina a eBay amakupikisirani pang'onopang'ono, n'kumakweza mtengo wooneka ndi ndalama zochepa zokwanira kuposa mnzanu. Pa eBay ya ku America, katundu wa pakati pa $25 ndi $99.99 amakwera ndi $1 nthawi iliyonse, ndipo wa pakati pa $100 ndi $249.99 amakwera ndi $2.50. Tiyerekeze kuti kamera ikuoneka pa $40, munthu amene ali patsogolo analemba $60 mobisa, ndipo inu mwaika $73.50 patatsala masekondi 8. Kamerayo muitenga pa $61. Koma ngati munthuyo analemba $80 masiku atatu apitawo n'kupita kukagona, makina a eBay amuyankhira nthawi yomweyo, mtengo ufika pa $74.50, ndipo kamera ikhala yake. Palibe liwiro la pulogalamu limene lingasinthe zimenezi.

Phindu la kudikira lili pena. Ogula ambiri salemba mtengo wawo weniweni koyamba. Amaika $45, akaona kuti apitiriridwa amawonjezera $50, kenako $55, ndipo ena amatentha mtima n'kufika pa ndalama zimene sanaganizepo m'mawa. Mukaika mtengo wanu kudakali masiku, mumapatsa anthu oterewa mpata woti azikugogodani mpaka apeze pamene mwathera. Mukauika patatsala masekondi ochepa, munthu wotere amangoona kuti wapitiriridwa malonda atatha kale. Akatswiri a zachuma Alvin Roth ndi Axel Ockenfels anafufuza nkhaniyi m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2002, poyerekeza eBay ndi okushoni imene Amazon inali nayo nthawi imeneyo. Ku Amazon, malonda ankapitirira mpaka patadutsa mphindi 10 popanda wina woika mtengo, ndipo anapeza kuti kuika mtengo pamapeto kunali kofala kwambiri pa eBay kusiyana ndi ku Amazon. Choncho njira imeneyi ili ndi tanthauzo pa msika umene umatseka pa nthawi yokhazikika basi. Pa msika umene umawonjezera nthawi wina akaika mtengo pamapeto, mpikisano umafanana ndi wa okushoni ya fodya ku Kanengo, kumene belo limagulidwa pokhapokha ogula ena onse atasiya kukweza mtengo.

Pali mfundo ina yofunika kuiganizira musanayambe. Kuika mtengo pamapeto penipeni n'kololedwa pa eBay, koma mgwirizano umene munthu amavomereza potsegula akaunti umaletsa kugwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga masamba a eBay mwa iwo okha popanda chilolezo, ndipo esniper imagwira ntchito powerenga masamba omwewo amene munthu amaona mu browser. Werengani mgwirizanowo mmene ulili panopa ndipo musankhe mukudziwa kuti akaunti imene ingakhudzidwe ndi yanu.

Kuika pulogalamuyi pa kompyuta si ntchito yaitali. Mafayilo ake amapezeka pa SourceForge, tsamba losungirako mapulogalamu aulere, ndipo imadalira kapulogalamu kena kotchedwa libcurl polumikizana ndi intaneti. Pa kompyuta yoyendera Linux ya mtundu wa Debian kapena Ubuntu, yambani ndi lamulo ili:

sudo apt install build-essential libcurl4-openssl-dev

Mukatsitsa fayilo ya pulogalamuyo n'kuimasula ndi lamulo la tar, lowani m'foda yake ndipo mulembe ./configure, kenako make, pomaliza sudo make install. Lamulo la esniper -h likaonetsa mndandanda wa zosankha, ndiye kuti pulogalamu yakhala bwino.

Chotsatira ndi fayilo ya makonzedwe, imene esniper imaifunafuna m'foda yanu yaikulu (home) pa dzina la .esniper. Mkati mwake mungalembe motere (seconds ndi masekondi otsala pamene mtengo utumizidwe, quantity ndi chiwerengero cha katundu amene mukufuna kugula):

username = dzinalanu
password = pasiwediyanu
seconds = 10
quantity = 1

Pasiwedi yolembedwa m'fayilo imeneyi imawerengeka poyera, choncho mukangomaliza lembani chmod 600 ~/.esniper kuti pasakhale wina wogwiritsa ntchito kompyutayo amene angaitsegule. Ngati kompyuta ndi ya ku ofesi kapena mumabwerekana ndi anthu ena, ndi bwino kusalemba mzere wa pasiwedi n'komwe, chifukwa esniper imakufunsani pasiwediyo mukamaiyambitsa. Akaunti ya eBay imakhala yolumikizidwa ku khadi ya kubanki, ndiye munthu amene wapeza pasiwedi wapezanso njira yoikira mitengo m'dzina lanu.

Gawo limene limafuna chisamaliro kwambiri ndi loyesa. Popeza esniper imawerenga masamba a eBay n'kumafufuzamo mawu ndi manambala pamalo amene inawazolowera, eBay ikasintha kaonekedwe ka tsamba lolowera kapena la mitengo, pulogalamuyi imasokonezeka mpaka wina ataikonza. Zimenezi zachitika kambirimbiri m'mbiri ya pulogalamuyi, ndipo CAPTCHA (mayeso otsimikizira kuti ndinu munthu, osati makina) komanso nambala yotsimikizira imene eBay imatumiza pafoni ndi zotchinga zimene pulogalamu ya mu terminal singadutse yokha. Choncho musaganize kuti popeza yaikika ndiye kuti igwira ntchito. Pezani nambala ya katundu, imene imakhala ndi manambala 12 ndipo imalembedwa pa tsamba la katunduyo, kenako lembani:

esniper -i 123456789012 73.50

Chosankha cha -i chimangotenga uthenga wa okushoniyo n'kutuluka. Pa sikirini payenera kuoneka dzina la katundu, nthawi imene yatsala, mtengo wa panopa ndi chiwerengero cha mitengo imene yaikidwa. Yerekezani zonsezi ndi zimene zili mu browser. Zikagwirizana, bwerezani ndi -n m'malo mwa -i pa okushoni ina imene yatsala pang'ono kutha, chifukwa -n imachititsa pulogalamu kudikira ndi kuchita zina zonse koma osaika mtengo. Mayeso omaliza, amene ndikuona kuti ndi okhawo okhutiritsa, ndi kuika mtengo weniweni pa katundu wotchipa wa madola awiri kapena atatu amene simungadandaule mutamugula. Ngati pulogalamu ikulephera kulowa mu akaunti, onjezani -d kuti ilembe tsatanetsatane wa zimene zikuchitika m'fayilo ya log. Zikakanikabe, musakakamire poyesa kulowa maulendo ambiri motsatizana, chifukwa eBay ingatseke akaunti kwa kanthawi poganiza kuti ikubedwa. Zikatero, chatsala ndi kuika mtengo ndi dzanja muli ndi wotchi pafupi, kapena kugwiritsa ntchito tsamba ngati Gixen limene limagwira ntchito yomweyi pa makompyuta ake, ngakhale kuti pamenepo mumapereka chinsinsi cha akaunti yanu kwa anthu ena.

Mayeso akayenda bwino, kuika mtengo pa katundu mmodzi kumangofuna mzere umodzi:

esniper -s 10 123456789012 73.50

Pulogalamu imawerenga nthawi yotsala kuchokera ku eBay, imadikira, imabwerera kangapo kukaona tsamba pamene mapeto akuyandikira, ndipo patatsala masekondi 10 imatumiza mtengo. Kumbukirani kuti nambala imene mwalemba imawerengedwa m'ndalama za okushoniyo. Ngati wogulitsa ali ku Manchester ndipo katundu walembedwa m'mapaundi, 73.50 ndi mapaundi, osati madola.

Pamene esniper imaposa munthu wodikira ndi wotchi ndi pa okushoni zingapo za katundu wofanana. Tinene kuti mukufuna laputopu imodzi ya mtundu winawake, ndipo pali anthu atatu amene akuigulitsa, malonda awo akutha masiku osiyana. Kuika mitengo pa onse atatu ndi dzanja n'koopsa chifukwa mukhoza kupambana konse n'kukhala ndi ngongole ya malaputopu atatu. M'malo mwake lembani fayilo, mwachitsanzo laputopu.txt, motere:

quantity = 1
seconds = 10
123456789012 180.37
234567890123
345678901234 165.37

Kenako lembani esniper laputopu.txt. Pulogalamu imasanja okushonizo malinga ndi nthawi yotsekera, imayesa yoyamba, ndipo ikalephera imapita ku yotsatira. Ikangopambana kamodzi imaima, chifukwa quantity ndi 1. Mzere umene ulibe mtengo umatenga mtengo wa mzere wapamwamba pake, ndipo wachitatuwo mwautsitsa dala, mwina chifukwa batire ya laputopuyo ndi yotha kapena ndalama zotumizira ndi zambiri. Ngati okushoni ziwiri zikutha motalikirana masekondi ochepa chabe, sankhani imodzi, popeza pulogalamu imafunika nthawi yoona zotsatira za yoyamba isanapite ku ina.

Masenti 37 amene ali kumapeto kwa mitengoyi ali ndi ntchito. Anthu ambiri amalemba manambala athunthu monga 180, ndipo mitengo iwiri ikafanana ndendende, eBay imapereka katundu kwa amene anayamba kuika, yemwe sangakhale inu. Ngati mtengo wooneka uli pa $150, wina anabisa $180, ndipo inu mwaika $180.37, mumapambana ndi masenti amenewo ngakhale kuti sakukwana $2.50, chifukwa lamulo la kukweza mtengo limawerengedwa kuchokera pa mtengo wooneka, osati wobisika.

Nkhani ya masekondi imakopa anthu kuti atsitse mpaka 2 kapena 3, koma sindikuona phindu lake. Munthu amene waona kuti wapitiriridwa amafunika nthawi yoganiza, yolemba nambala ndi yotsimikiza, ndipo masekondi 10, amene esniper imagwiritsa ntchito mukapanda kusintha, ndi ochepa kale pa zonsezi. Mukatsitsa kwambiri, kuchedwa pang'ono kwa netiweki kumapangitsa mtengo wanu kufika malonda atatsekedwa. Komanso ngati pali wina amene akugwiritsa ntchito pulogalamu yofanana, ndipo mitengo yanu ndi yoyandikana, amene wafika poyamba ndiye ali pabwino, chifukwa wachiwiri akhoza kukanidwa ngati mtengo wake sukukwana kukweza kofunika. Pa intaneti ya pafoni imene imachedwa nthawi zina, 12 kapena 15 ndi chiwerengero chanzeru.

Pulogalamuyi imagwira ntchito pokhapokha kompyuta ili yoyaka ndiponso yolumikizidwa pa nthawi yotsekera. Okushoni imene ikutha 7 koloko madzulo ku California imatha 4 kapena 5 koloko m'bandakucha ku Lilongwe ndi ku Lusaka, malinga ndi nyengo ya chaka, ndipo magetsi akazima kapena bandulo ikatha usiku umenewo, palibe mtengo umene utumizidwe. Zimitsani makonzedwe ogonetsa laputopu, chifukwa laputopu yotsekedwa chivindikiro imaimitsa mapulogalamu onse. Yambitsani esniper mkati mwa pulogalamu ya tmux kapena ya screen kuti isafe mukatseka windo la terminal. Ena amabwereka seva yaing'ono ya pa intaneti n'kumayendetsera pulogalamuyi kumeneko kudzera pa ssh (njira yolamulira kompyuta ina uli kutali), zomwe zimathetsa vuto la magetsi, koma eBay ikaona akaunti ikulowa kuchokera kumalo achilendo imatha kufunsa chitsimikizo, choncho mayeso onse aja muwabwerezenso pa sevayo.

Ntchito yaikulu imatsalabe pa nambala imene mumalemba, ndipo pulogalamu singakuthandizeni kuipeza. Muli ndi mwayi umodzi wokha, ndiye nambalayo iyenera kukhala malire anu enieni, oti wina akakuposani ndi dola imodzi musadandaule. Yambani ndi kuona mitengo imene katundu wofanana wagulitsidwa posachedwa, pogwiritsa ntchito sefa ya katundu wogulitsidwa kale pa eBay. Pa ndalama zonse zimene mwakonza, chotsani zotumizira, zolipira kampani yonyamula katundu ngati wogulitsa satumiza kudziko lanu, msonkho wa kasitomu, ndi zimene banki imadula posintha ndalama. Zotsalazo ndiye mtengo wolemba m'fayilo. Onaninso ngati wogulitsa anaika mtengo wobisika wosagulitsira pansi pake, chifukwa mtengo wanu ukapanda kufikapo, katundu sagulitsidwa ngakhale mutaposa onse.

Werengani nambala ya katundu ndi mtengo kawiri musanayambitse pulogalamu. Mtengo woikidwa pa eBay ndi lonjezo logula, ndipo pa mtengo woikidwa patatsala masekondi 10 sipakhala mpata woubweza, kotero 1803.7 yolembedwa m'malo mwa 180.37 ingakuchititseni kugula katundu pa ndalama zilizonse zimene wopikisana nanu anabisa. Mukasintha maganizo nthawi isanakwane, imitsani pulogalamu ndi Ctrl+C, ndipo palibe chimene chingafike ku eBay. Malonda akatha, esniper imalemba pa sikirini ngati mwapambana kapena ayi, koma tsimikizani polowa mu akaunti yanu, ndipo ngati mwapambana lipirani mwamsanga, chifukwa pakadutsa masiku 4 osalipira wogulitsa akhoza kuthetsa malondawo ndipo akaunti yanu imalembedwa kuti sinalipire.