Mukatsika basi pa Park Station

Mwezi ukamatha foni yanga sipuma. Wina ali pa Wenela ku Blantyre kudikira basi, wina wafika kale pa Mwanza, ndipo funso limakhala limodzi: "Achimwene, mudzandichingamira?" Ndachingamira anthu ambiri pa Park Station, pamene mabasi amafikira mu Johannesburg, kuno ku South Africa. Amatsika maso ali psu ndi tulo ta masiku awiri, mapazi atatupa, kachikwama ka pasipoti atakapanira m'khwapa ngati mwana wa nkhuku. Zimene ndimawauza tikakhala pansi kumwa tiyi woyamba ndi zimene ndalemba pano, kuti amene simunanyamuke muzimve mukadali kwathu.

Dzina la Wenela lija si lachabe: linali la bungwe lolemba anthu opita ku migodi, limene pambuyo pake linkatchedwa Theba. Agogo athu ankabwera kuno ku migodi atalembedwa m'kaundula, ali ndi nambala, kontrakiti ndi tsiku lobwerera. Moyo wake unali wowawa, ndipo ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, Kamuzu analetsa kulemba anthu. Komabe munthu wa ku Theba akamwalira, uthenga unkafika kwa mfumu yake. Ife a lero timabwera tokhatokha, palibe wotilemba paliponse. Choncho ntchito yolemba ndi yosunga mapepala ili m'manja mwanu, kuyambira tsiku lonyamuka.

Njira yake mwina mwaimva kale: Mwanza kapena Dedza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, kenaka Beitbridge, Musina ndi msewu wa N1 mpaka Joni. Maboda ndi atatu, koma mudinditsa kasanu ndi kamodzi, potuluka ndi polowa. Paliponse tsikani nokha, imani pamzere nokha, ndipo musachoke pazenera musanaone chidindo ndi maso anu. Nambala ndi adiresi ya amene akukulandirani zilembeni papepala, chifukwa foni imatha moto pakati pa Zimbabwe ndipo laini ya kwathu siikuthandizani kuno. Juzi ikhale m'manja, osati m'chikwama cha pansi pa basi.

Pa Beitbridge ndi pamene pagona nkhani yonse. Mmalawi amalowa m'dziko muno popanda viza kwa masiku osapitirira 30, ndipo wodinda uja akhoza kukupatsani ochepera pamenepo. Werengani tsiku limene walemba. Masiku amenewo ndi ochezera, si ogwirira ntchito. Malinga ndi malamulo amene anayamba mu Meyi 2014, mukapitiriza ndi masiku osaposa 30 amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo mukapitiriza kuposa pamenepo ndi zaka zisanu. Pemiti ya ntchito kapena ya sukulu siisinthidwa kuchokera pa chidindo cha mlendo muli kuno, imafunsidwa mukadali ku Malawi, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa. Aliyense wokuuzani pa WhatsApp kuti ali ndi "munthu wake mkati" amene akukonzereni pemiti pa sabata imodzi akufuna ndalama zanu basi.

Pali njira ina imene aliyense kuno amaidziwa: kupereka pasipoti kwa munthu wa pamsewu kuti akadinditse ku boda, mwiniwake ali phee ku Joni. Ndikupemphani, abale anga, ilekeni. Chidindo chikhoza kuoneka bwino m'buku, koma tsiku limene adzatsegule kompyuta n'kupeza kuti simunatulukepo, mlandu sukhalanso wopitiriza masiku, umakhala wachinyengo. Ndaonanso mapasipoti akupita osabwerera.

Sindikunamizani kuti aliyense kuno ali ndi mapepala. Ambiri alibe, ndipo sindiwaweruza, chifukwa ndikudziwa njala imene inawachotsa ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay. Koma walira mvula walira matope. Moyo wopanda pemiti ndi woyenda ukucheuka, galimoto ya polisi ikaima mtima uli thi thi thi, ndipo mathero ake nthawi zambiri ndi Lindela ku Krugersdorp, kumene amasunga anthu odikira kubwezedwa kwawo. Zikakugwerani, dziwani zinthu ziwiri. Amene ali ndi mphamvu yofunsa mapepala anu ndi apolisi ndi a imigireshoni, osati gulu la anthu pamsewu kapena pageti ya chipatala. Chachiwiri, khothi lalikulu loona za malamulo a dziko lino linagamula mu 2017 kuti munthu womangidwa kuti abwezedwe kwawo aonekere kukhothi pasanathe maola 48. A Lawyers for Human Rights ali ndi ofesi ku Braamfontein ndipo amathandiza pa nkhani zotere. Kazembe wathu ali ku Pretoria, ndipo mu Johannesburg muli ofesi ya konsuleti. Pasipoti ijambulitseni, kope lake mukadinditse kupolisi, china musiye kwa mbale.

Tibwere ku ntchito. Ambiri a ife timayambira m'magadeni, m'nyumba za mabwana, m'mashopu a ku Fordsburg ndi Mayfair, pa mashini osokera kapena pa zomangamanga. Amalawi tili ndi mbiri yabwino kuno: amati ndife okhulupirika, aulemu, osayankha. Mbiri imeneyi imatsegula mageti, koma ndi yomweyonso imene ena amatidyera nayo masuku pamutu, podziwa kuti Mmalawi anena "zikomo bwana" ngakhale malipiro ataperewera.

Ine zinandionekera chaka changa choyamba. Ndinagwira m'gadeni mwa bwana wina miyezi iwiri, iye akungoti mawa, mawa. Tsiku limene ndinalimba mtima kufunsa, anandiyankha ali pakhomo, kiyi wa galimoto akumuzunguza pachala, kuti ndikavuta aitana apolisi. Ndinatuluka pageti ndi kajumbo ka zovala zogwirira ntchito, ndalama ya minibasi ndilibe, n'kuyenda wapansi mpaka mdima. Chimene chimandiwawabe n'chakuti ndinalibe chilichonse chosonyeza kuti ndinagwirapo pamalopo, ngakhale dzina lake lonse sindinkalidziwa.

N'chifukwa chake aliyense amene ndamuchingamira ndimamugulira kakope ndi bolopeni. Lembani dzina la bwana, adiresi, tsiku limene mwayamba, malipiro amene mwagwirizana, ndipo tsiku lililonse nthawi yolowa ndi yoweruka. Mauthenga a pafoni musafufute. Dziko lino lili ndi lamulo la malipiro otsikitsitsa, limene linayamba mu Januwale 2019 pa R20 pa ola. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 anafika pa R28.79, ndipo amawaunikanso chaka ndi chaka, choncho muzifunsa mtengo watsopano. Ogwira ntchito m'nyumba ndi m'magadeni nawonso ali momwemo. Akakuchotsani ntchito mopanda chilungamo, kodandaula ndi ku CCMA, bungwe loweruza madandaulo a pantchito, kwaulere, koma pasanathe masiku 30. Khothi la za ntchito linanena kale mu 2008 kuti munthu amene pemiti yake siili bwino ndi wantchitobe pamaso pa lamulo, thukuta lake silipita pachabe. Ndipo kuyambira chigamulo cha mu Novembala 2020, wantchito wa m'nyumba akavulala pantchito ali ndi ufulu wa chipukuta misozi. Pasipoti yanu musampatse bwana kuti "akusungireni". Amene wasunga pasipoti yanu wasunga miyendo yanu.

Za malo ogona ndilankhula ndi mtima wolemera. Wobwera kumene amagona pamene wapeza: chipinda cha kuseri ku Cosmo City kapena Tembisa, kanyumba ka malata ku Diepsloot kapena Zandspruit, kapena kachipinda kodulidwa ndi makatoni ndi matabwa m'nyumba zitalizitali za m'tauni zimene eni ake anazithawa. Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu. Lendi yotsika isakutsekeni maso. Musanapereke ndalama yendani nokha kuchokera pamene mudzagone mpaka panja, muwerenge mageti okhomedwa ndi loko amene mwadutsa, mudzifunse ngati mungatuluke mumdima mwana ali kumsana. Muonenso mawaya a magetsi mmene akuyendera. Lendi mukapereka, pakhale risiti kapena uthenga wa pafoni.

Kenaka chisanu. Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julayi madzi osiyidwa panja m'beseni amagwira ayezi. Ngakhale wa ku Dedza amavomereza. Anthu amalowetsa mbaula m'chipinda, kutseka chitseko, kutsekanso mipata ndi nsanza, n'kugona. Mpweya wa makala sununkha ndipo sudzutsa munthu. Otherani, koma mbaula igone panja. Malipiro oyamba mugulire bulangete lolemera, foni yatsopano idikire.

Ku chipatala musaope kupita. Malamulo a dziko lino amati munthu amene ali pangozi asakanizidwe thandizo, ndipo mu Epulo 2023 khothi lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi athandizidwe mwaulere m'zipatala za boma posayang'ana kumene achokera. Zoona, pazenera nthawi zina amakulandirani ndi nkhope yokwinya, ndipo masiku ena pageti pamaima anthu obweza alendo. Pitani ndi mnzanu wodziwa chilankhulo, ndipo akakubwezani yesani kiliniki ina tsiku lomwelo. Achemwali oyembekezera, sikelo yambani msanga, ndipo mwana akabadwa musatuluke popanda pepala losonyeza kuti wabadwira pamenepo. Amene mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, tengani kalata ya transifa, buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala okwanira ulendo ndi masabata oyamba. Manyazi asakusiyitseni mankhwala chifukwa mukugona chipinda chimodzi ndi anthu asanu.

China chimene ambiri sadziwa: mu Joni mulibe malungo, ndiye dokotala wa kuno saganizira msanga za malungo. Mukadwala mutu ndi kuphwanya m'thupi mutangobwera kuchokera kumudzi, nenani poyera kuti mwachokera ku Malawi kudzera ku Tete ndipo akuyezeni malungo. Musalole kubwerera ndi mankhwala a chimfine okha.

Ana aziphunzira. Khothi linagamula mu Disembala 2019 kuti mwana asabwezedwe pasukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala. Kwa inu ofuna yunivesite ya Wits kapena University of Johannesburg, yambani chaka chisanathe: kalata yokulandirani, pemiti ya sukulu yofunsira kwathu, ndi inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa kuno. Masatifiketi akunja amawaunika a bungwe la SAQA, ndipo ngakhale mukubwera kudzagwira ganyu, MSCE yanu kapena pepala la luso musalisiye m'sutikesi kwa amayi.

Za mayendedwe, safunsa anadya phula. Minibasi kuno amati taxi, ndipo ilibe kondakitala. Mumaimika ndi chizindikiro cha zala, dera lililonse ndi chake, ndalama zimayenda kuchokera kumbuyo mpando ndi mpando, ndipo amene wakhala kutsogolo ndiye amawerenga ndi kubweza chenji. Sabata yoyamba musakhale kutsogolo. Pa masiteji a minibasi a Bree ndi Noord funsani woyang'anira mzere, osati munthu wongokuyandikirani akumwetulira, ndipo foni ikhale m'thumba. Phunzirani moni wa Chizulu ndi Chisuthu msanga. "Sawubona" imafewetsa nkhope zambiri. Nambala ya polisi ndi 10111, ndipo 112 imagwira pafoni ya m'manja iliyonse.

Mudzamva akukutchulani kwerekwere. Zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra mu Meyi 2008 n'kupha anthu 62, zinabweranso mu 2015 ndi mu 2019. Koma ndinenenso kuti amene anandibisa katundu wanga nthawi ina zitavuta anali mayi wachikulire wa konkuno, woyandikana naye nyumba, amene ndinkamuthandiza kunyamula madzi mipopi ikauma. Dziwanani ndi anthu a mumsewu wanu, musamangodziunjika Amalawi okhaokha.

Ndalama tumizani kudzera njira zodziwika monga Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, zimene zimafika pa Airtel Money kapena Mpamba ndipo zimasiya umboni. Katundu wopatsira matransipota mulembe ndi kumujambula. Ndipo uzani akumudzi zoona za malipiro anu ndi mtengo wa lendi. Zithunzi zojambulitsa pa Sandton mutatsamira galimoto ya eni ndi zimene zimabweretsa mapempho amene simungakwanitse, ndipo munthu akalephera amayamba kuzimitsa foni, mwezi, chaka, mpaka kumudzi ayamba kumutchula mtchona.

Lowani gulu. Kaya ndi la mpingo, la kumzikiti, la anthu a boma lanu kapena chipereganyu, koma makamaka la maliro, chifukwa kunyamula thupi kuchoka kuno mpaka kumudzi ndi ndalama zimene banja limodzi silingapeze pa sabata imodzi. Chaka china tinaitanidwa kumochale kukaona mnyamata amene tonse tinkamudziwa ndi dzina la masewera lokha. Tinkadya naye nsima ya usipa Lamlungu lililonse, koma palibe amene ankadziwa dzina la bambo ake kapena mudzi wake. Tinatha masabata atatu tikuyendetsa chithunzi chake m'magulu a pafoni, mpaka mlongo wake anachizindikira ali ku Machinga.

Kuyambira pamenepo mlembi wa gulu lathu salandira chopereka cha munthu watsopano asanalembe m'buku dzina lake la pa pasipoti, mudzi, mfumu yaikulu, boma, ndi manambala awiri a abale a kumudzi. Kapepala kena ka zomwezo aliyense amayenda nako. Kanga kali kuseri kwa foni, mkati mwa kava, ndipo ndimakalembanso inki ikayamba kufufutika.