Momwe mungakonzere white balance kuti choyera chituluke choyera pachithunzi

Zithunzi zambiri za maukwati kuno ku Mangochi zimagwa pa chinthu chimodzi: mkanjo wa mkwati ndi diresi ya mkwatibwi, zomwe aliyense anaziona zili mbee, pachithunzi zimatuluka zachikasu kapena zabuluu. Eni ukwati amati wojambulayo ali ndi kamera yachabechabe. Nthawi zambiri kamerayo ilibe mlandu, kungoti sinauzidwe kuti pamalopo pali kuwala kwamtundu wanji. Maso athu amazolowera okha, pepala timaliona loyera kaya padzuwa kaya pakoloboyi. Kamera imangolota, ndiye ntchito yanu ndi kuiuza. Kuiuza kamera mtundu wa kuwala komwe kulipo ndiko kumatchedwa white balance.

Yambani ndi manambala. Mtundu wa kuwala umayezedwa mu Kelvin, polemba amangoika K, kutengera dzina la wasayansi William Thomson, yemwe ankadziwika kuti Lord Kelvin. Chitsulo chikakhala pamoto chimayamba kufiira, chikatenthetsa chimasanduka chachikasu, kenako choyera, ndipo muyezowu unachokera pamenepo. Nambala yaing'ono ndi kuwala kofiirira, yaikulu ndi kuwala kopita kubuluu. Kandulo imakhala cha m'ma 1,900K. Mababu akale aja a waya mkati ali pakati pa 2,700K ndi 3,200K. Dzuwa la masana ndi 5,200K mpaka 5,500K, kukachita mitambo 6,000K kapena kupitirirako, ndipo pamthunzi, monga pansi pa mtengo wa mango kumwamba kulibe mtambo, zimafika 7,000K. Mababu a LED amasiyanasiyana, koma nambala yake imalembedwa pakatoni kapena pababu penipenipo: 6,500K ndi oyera kwambiri aja, 3,000K ndi achikasu.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera. Nambala yomwe mukuika pakamera si mtundu womwe mukufuna, koma mukuiuza kuwala komwe kulipo kuti iko ikonze. Mukaika 7,000K, kamera imati, "Basi kuno kuli buluu wambiri," nkuwonjezera chikasu. Ndiye chithunzi chikatuluka chabuluu kwezani nambala, chikatuluka chachikasu tsitsani.

Tsopano tengani kamera, pezani batani lolembedwa WB (chidule cha white balance), kapena lowani mu Menu. Muona tizizindikiro: dzuwa, mtambo, kanyumba ka mthunzi, babu, chubu, mphezi ya fulashi, ndi AWB yomwe kamera imasankha yokha. Sankhani chofanana ndi kuwala komwe kukugwera munthu amene mukumujambula, osati komwe mwaima inuyo.

AWB ndi yabwino mukamajambula mumsika kapena pa mlatho wa Bakili Muluzi masana, pomwe pali mitundu yosakanikirana. Kunyanja ndiye imakhumudwitsa. Dzuwa likamatuluka pamadzi ku Nkopola, kapena likamalowa ku Cape Maclear, kamera imaona kufiira konse kuja ngati cholakwika nkukuchotsa, chithunzi nkutuluka chozimiririka. Pamenepo ikani Daylight (kachizindikiro ka dzuwa), ndipo ngati mukufuna kuti kufiirako kukolere, ikani Cloudy (ka mtambo) kapena Shade (ka mthunzi). Ine Shade ndimaiona kuti imanyanya pankhope za anthu, khungu limaoneka ngati lapakidwa mafuta ofiira, koma pa bwato ndi maukonde imakhala bwino.

Njira yodalirika kuposa zonse ndi ya pepala loyera, ndipo ndi yomwe muyenera kuiphunzira ngati mumajambula zolipidwa. Tengani pepala wamba la A4 lopanda mizere. Amene ali ndi khadi lotuwa la ojambula, lija la 18 peresenti, agwiritse ntchito limenelo. Mupatseni munthu aligwire pafupi ndi nkhope yake, pamalo enieni pomwe adzaime, osati pakhomo kapena panja. Yandikirani kuti pepalalo lidzaze pakati pa chithunzi. Kamera ikakana kufokasa chifukwa pepalalo lilibe chilichonse, sinthani lenzi ikhale pa MF, kuti mufokase nokha ndi dzanja. Jambulani, koma pepalalo lisawale mopitirira mpaka kupsa, chifukwa likatero kamera ilibe chowerenga.

Pa Canon, lowani mu Menu, sankhani Custom White Balance, lozani chithunzi cha pepalacho, vomerezani. Musaiwale kubwerera pa WB nkusankha chizindikiro cha Custom, apo ayi mwangovutika chabe. Pa Nikon amalemba PRE: mukaisankha, kamera imakuuzani kuti mujambule pepalalo, ndipo ikatheka imakudziwitsani. Kenako jambulani munthuyo, yang'anani chovala choyera ndi khungu.

Njirayi imapulumutsa kwambiri pansi pa tenti. Tenti yabuluu kapena yofiira imathira mtundu wake pa aliyense wokhala mkatimo, ndipo palibe chizindikiro chokonzeratu chomwe chingathane nazo. Imathandizanso m'maholo a machubu, omwe amabweretsa kubiriwira pankhope, vuto lomwe nambala ya K payokha silingalichotse.

Chovuta chenicheni ndi kuwala kosakanikirana: dzuwa likulowa pawindo, mkati mukuyaka mababu achikasu, inunso mwayatsa fulashi. Kamera imatha kukonza mtundu umodzi wokha pa chithunzi chimodzi. Ngati eni malo alola, thimitsani mababu nkuwasendeza anthu kufupi ndi windo. Zikakanika, sankhani kuwala komwe kukugwera nkhope, zakumbuyozo zisiyeni. Magetsi akathima pakati pa mwambo anthu nkuyatsa nyali za sola, kuwala kwasintha, jambulaninso pepala.

Ngati kamera yanu ili ndi RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona, igwiritseni ntchito pa zithunzi zofunika. White balance ya RAW imasinthika pakompyuta popanda kuwononga chithunzi, pomwe JPEG, fayilo wamba ya zithunzi, mukaikoka kwambiri mitundu imayamba kuthothoka. Kuipa kwake RAW imadya malo pamemore khadi. Ojambula vidiyo, inu AWB ipeweni ndithu, chifukwa imasintha mtundu pakati pa kujambula mukangotembenuza kamera.

Mukatuluka muholo kupita kukajambula akwati kugombe, bwezerani WB pa Daylight kapena jambulaninso pepala kumeneko. Mukasiya pa 3,200K ya mkati muja, mchenga, diresi ndi nkhope zonse zituluka zabuluu.