Kapakidwe ka nyama yowotcha ngati mmene amachitira ku Thailand

Anthu ambiri akamva za chakudya cha ku Thailand amangoganiza tsabola ndi mandimu, ndiye amathira zonsezo mu nyama n'kuigoneka mu fuliji. Ayi, si mmene amachitira kumeneko. Zopaka nyama kakomedwe kake kamakhala ka mchere ndi shuga basi, kuwawasa ndi kuwawa kumabwera pa nthawi yodya, mu kamsuzi kosunsira.

Chiyambi chake ndi zinthu zitatu zimene eni ake amati sam kler: mizu ya coriander, adyo ndi white pepper wanjere. Mizu, osati masamba, chifukwa masamba amangopserera pamoto pomwe muzu fungo lake limalowerera. Mukagula coriander pemphani wozula ndi mizu yomwe, tsukani dothi lichoke bwinobwino, masamba ake musunge, akakhala wodulidwa kale gwiritsani timitengo ta m'munsi tija. Sinjani mu kamtondo, yambani ndi njere za pepper, kenako mizu, adyo pomaliza, mpaka zikhale phala. Blenda imathekanso koma ine ndimakonda kusinja, fungo limatuluka kwambiri.

Pa kilo imodzi ya nkhuku, makamaka ntchafu zokhala ndi khungu, mizu 5, adyo tizigawo 8, pepper supuni yaing'ono imodzi. Onjezani fish sauce, yomwe iwo amati nam pla, masupuni aakulu 2, oyster sauce 2, soy sauce 1 ndi shuga supuni imodzi ndi theka. Iwo amagwiritsa shuga wa kanjedza, wabulauni wathuyu amalowa m'malo bwinobwino. Lemon grass yemwe ena timamwera tiyi uja, dulani tsinde loyera la m'munsi musinjire limodzi. Mchere musathirenso chonde, nam pla ndi mchere kale ndipo musaope fungo lake m'botolo, pamakala limasintha n'kukhala kukoma.

Pakani ndi manja mpaka pansi pa khungu, isiyeni mu fuliji maola 4 kapena usiku wonse. Iyi ndiye gai yang ya ku Isan, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, amadyera mpunga womata ndi som tam, saladi ya papaya wamuwisi. Ikakhala nkhumba ndi moo ping, mumadula mopyapyala, kuthirako mkaka wa kokonati, kutunga pa timitengo tonyika m'madzi.

Nsomba ndi ma prawns zisakhalitse, mphindi 15 mpaka 20 zakwana, ndipo mandimu asayandikire chifukwa amayamba kuziphika zisanafike pamoto, zimauma n'kumanyenyeka.

Moto ukhale wodekha. Dikirani makala achite phulusa loyera pamwamba, akankhireni mbali imodzi ya mbaula, nyama ikhale mbali inayo muzitembenuza pafupipafupi poti shuga sachedwa kupserera, kunja kuda bii m'kati magazi ali chuchuchu.

Tsono kamsuzi kaja, nam jim jaew, musakadumphe. Kazingani mpunga wosaphika mu chiwaya chouma mpaka ufiire, sinjani usasalale kwambiri. Sakanizani nam pla masupuni 2, madzi a bwemba 2, mandimu pang'ono, kashuga, tsabola wouma wopera, anyezi wofiira wodula ndi masamba a coriander munasunga aja, ufa wa mpungawo muthire pomaliza anthu atakhala kale pansi chifukwa ukakhalitsa umamwa msuzi wonse. Kwa nsomba sinjani tsabola wobiriwira, kambuzi amagwira ntchito, adyo, muzu wa coriander, mandimu ambiri, nam pla ndi shuga, lawani ndi kachidutswa ka nsombayo musanapereke.