Matatuu a zizindikiro za Chihindu: tanthauzo lake ndi mmene mungasankhire osalakwitsa

Chithunzi cha mulungu wa Ahindu sichijambulidwa mwachisawawa. Dzanja liti lagwira chiyani, phazi liti laponda pansi, chitamba chakhotera kuti, zonsezi zili ndi malamulo ake, ndipo amisiri osema mafano ku India amawaphunzira m'mabuku akale otchedwa Shilpa Shastra. Munthu amene anakula akupita kukachisi amaona cholakwika nthawi yomweyo. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya tatuu yotereyi imachitika singano isanakhudze khungu.

Chizindikiro chimene anthu amapempha kwambiri ndi Om. Ndi liwu lopatulika lopangidwa ndi mawu atatu, A, U ndi M. Buku la Mandukya Upanishad limafotokoza kuti A ndi kukhala maso, U ndi kulota, M ndi tulo tofa nato topanda maloto, ndipo bata limene limatsatira liwulo likatha ndi gawo lachinayi lotchedwa turiya. M'zilembo za Devanagari, zimene amalembera zilankhulo zina za ku India, Om amaoneka ngati nambala 3 yokhala ndi mchira kumanja, pamwamba pali kachigawo ka mwezi ndi kadontho. Amalakwika m'njira ziwiri. Ina ndi kutembenuzika: pepala lodindira chithunzi pakhungu likaikidwa chagada, kapena mwiniwake akavomereza akudziyang'ana pagalasi, Om amatuluka atayang'ana kumbali yolakwika. Pemphani munthu wina akujambuleni ndi kamera yakumbuyo ya foni, kenako muyerekezere ndi Om wosindikizidwa m'buku. Ina ndi kuchepa. Inki imafalikira pang'onopang'ono pakhungu zaka zikamapita, ndiye kadontho kakayandikana kwambiri ndi kachigawo ka mwezi, ziwirizi zimadzakhala chibanthu chimodzi. Om asachepere masentimita 3, ndipo pakati pa kadontho ndi mwezi pakhale mpata wa mamilimita 2.

Ganesha, mwana wa milungu Shiva ndi Parvati, ali ndi mutu wa njovu ndipo amapembedzedwa poyamba ntchito iliyonse chifukwa amachotsa zopinga. Iyeyu ndi amene amafuna chidwi chochuluka. Mnyanga wake umodzi ndi wothyoka, moti limodzi mwa mayina ake ndi Ekadanta, kutanthauza wamnyanga umodzi. Wojambula amene sakudziwa zimenezi amaika minyanga iwiri yathunthu poganiza kuti akukongoletsa. Kawirikawiri amakhala ndi manja anayi: lina lagwira nkhwangwa kapena ndodo yoweta njovu, lina chingwe, lina kachakudya kotsekemera kotchedwa modak, ndipo lina latambasulidwa podalitsa. Pamapazi pake pamakhala kambewa kamene iye amakwera. Chitamba nachonso chili ndi nkhani yake. Chikakhotera kumanzere kwa Ganesha, ndiye maonekedwe ofatsa amene amapezeka m'nyumba zambiri. Chikakhotera kumanja, monga cha fano la m'kachisi wa Siddhivinayak ku Mumbai, Ahindu ambiri amati chimafuna mapembedzedwe okhwima a tsiku ndi tsiku. Wa kumanzereyu ndi amene amayenerera tatuu. Ganesha wathunthu amafunika malo osachepera masentimita 15 m'litali. Ngati malo ndi ochepa, jambulitsani mutu wokha, chifukwa manja anayi opanikizana pamalo aang'ono amadzasanduka chinthu chosazindikirika.

Shiva amadziwika ndi diso lachitatu pamphumi, kachigawo ka mwezi m'tsitsi, mtsinje wa Ganga ukutsika kuchokera m'tsitsimo, njoka m'khosi, ndi khosi labuluu chifukwa chomwa poizoni wotchedwa halahala kuti apulumutse chilengedwe. Amene sakufuna nkhope amasankha trishula, mkondo wa nsonga zitatu zimene ambiri amazimasulira kuti kulenga, kusunga ndi kuwononga, womangiriridwa kang'oma kotchedwa damaru. Trishula amakhala bwino pamkono, kuyambira pachigongono kutsika, chifukwa ndi wautali komanso wowongoka. Chithunzicho chidindidwe munthu ataimirira, mkono uli lende. Akadindidwa mkono utapotoledwa patebulo, mkondowo umakhota akangoimirira.

Shiva wovina, Nataraja, anatchuka ndi mafano amkuwa a ufumu wa Chola kum'mwera kwa India, cha m'ma 900 mpaka 1100. Dzanja lakumanja lam'mwamba limagwira kang'oma, lakumanzere lam'mwamba limanyamula moto, lakumanja lam'munsi limatukulidwa ngati likunena kuti musaope, ndipo lakumanzere lam'munsi limaloza phazi lakumanzere lotukulidwa. Phazi lakumanja limaponda Apasmara, kamunthu kakafupi koimira umbuli. Mukachotsa kamunthuka kuti chithunzi chikwane, mwachotsa theka la uthenga wake.

Hanuman, mulungu wa maonekedwe a nyani, amaimira mphamvu ndi kukhulupirika kwa mulungu Rama. Amajambulidwa atanyamula chibonga, kapena akuuluka ndi phiri la mankhwala, kapena atang'amba chifuwa kuonetsa Rama ndi mkazi wake Sita mumtima mwake. Kali, mulungu wamkazi wotulutsa lilime ndi wovala mkanda wa mitu, si chiwanda ayi; kwa omupembedza ndi mayi woteteza ana ake, ndipo kumujambula ngati chilombo choopsezera anthu n'kumunyoza.

Amene akufuna tanthauzo la Chihindu koma safuna kunyamula chithunzi cha mulungu pathupi angasankhe duwa la lotus. Limamera m'matope koma limatuluka loyera, ndipo buku lopatulika la Bhagavad Gita, mutu 5 ndime 10, limayerekezera munthu wogwira ntchito mosadzikonda ndi tsamba la lotus limene madzi salinyowetsa. Lapinki limayendera limodzi ndi Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, pamene loyera ndi la Saraswati wa maphunziro ndi nyimbo.

Sri Yantra, chizindikiro chopatulika cha mizere yolukana, ndi wovuta kuposa zonsezi. Ali ndi zithunzi 9 za makona atatu zolowerana, 4 zoloza kumwamba zoimira Shiva ndi 5 zoloza pansi zoimira Shakti, mphamvu yachikazi ya umulungu, ndipo pamodzi zimapanga timakona atatu 43 tozungulira kadontho kapakati kotchedwa bindu. Kunja kwake kuli mizere iwiri ya masamba a lotus, wa masamba 8 ndi wa masamba 16. Zithunzi zambiri za pa intaneti n'zolakwika: pamene mizere itatu iyenera kukumana pamfundo imodzi, pamatsala kampata. Werengani timakonato musanavomereze. Amafunika malo athyathyathya ngati pakati pa mapewa kumsana, ndi kukula kosachepera masentimita 15. Paphewa kapena pakatumba mizere yowongoka imakhota.

Tsopano za malo pathupi, zimene anthu ambiri amazitenga mopepuka. Pachikhalidwe cha Chihindu mapazi amaonedwa ngati mbali yotsika ya thupi: nsapato zimavulidwa pakhomo pa kachisi, ndipo munthu akaponda buku mwangozi amapepesa. Mulungu, Om kapena mawu a pemphero asaikidwe kumunsi kwa chiuno. Mu 2015, mlendo wina wa ku Australia anazingidwa ndi gulu la anthu okwiya mumzinda wa Bengaluru ku India chifukwa cha tatuu ya mulungu wamkazi Yellamma imene inali pamsongolo wake. Pachifuwa, pamsana wam'mwamba ndi pamkono ndi malo abwino. Sikuti Ahindu amakana tatuu: anthu a gulu la Ramnami m'chigawo cha Chhattisgarh ku India akhala akudzilemba dzina la Rama thupi lonse kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nthawi imene ankaletsedwa kulowa m'makachisi chifukwa cha mtundu wawo. Swastika, mtanda wa nsonga zopindika, nayenso ndi chizindikiro chakale cha mwayi kwa Ahindu, koma chifukwa cha chipani cha Nazi anthu ambiri amamuwerenga mwina, ndipo ku Germany kumuonetsa poyera kungakugwetseni m'mlandu.

Mawu a Sanskrit, chilankhulo chakale cha malemba a Ahindu, amafuna wowerenga weniweni. Mu Devanagari zilembo zimalendewera ku mzere wapamwamba umene suyenera kuduka pakati pa liwu kupatula pa zilembo zochepa zimene zili ndi mpata wakewake, chizindikiro cha i wamfupi chimalembedwa kumanzere kwa chilembo ngakhale chimatchulidwa pambuyo pake, ndipo zilembo zina zikakumana zimalumikizana n'kukhala chilembo chimodzi. Mapulogalamu ena a pakompyuta amasokoneza zonsezi. Onetsani pepala lenileni lodindira kwa anthu awiri odziwa kuwerenga Devanagari, aliyense payekha, ndipo awerenge mokweza musanawauze zimene mukuganiza kuti palembedwa.

Inki imalowa mamilimita 1 mpaka 2 pansi pa khungu. Singano ikazama kuposa pamenepo, inki imayenderera m'mafuta a pansi ndipo mzere umaoneka ngati wachita nkhungu, vuto lofala padzanja ndi pazala pamene khungu ndi lopyapyala. Pakhungu lakuda, buluu wa milungu Shiva kapena Krishna amazimirira akapola, choncho mizere yakuda yokhuthala yokhala ndi mipata yokwanira imaoneka bwino kuposa mitundu. Inki yofiira ndi imene imayabwitsa anthu ambiri. Ngati zipsera zanu zimatupa n'kukula kupitirira bala, funsani dokotala kaye, makamaka ngati mukufuna pachifuwa kapena paphewa. Singano itsegulidwe m'paketi yake inu mukuona, chifukwa yogwiritsidwa kale ntchito imafalitsa hepatitis B, hepatitis C ndi HIV.

Kuti muone ngati malo ndi kukula kwake zikukusangalatsani, yambani mwalemba ndi henna wachilengedwe, amene amafufutika pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Henna wakuda musamuyandikire, amasakanizidwa ndi mankhwala a PPD amene amawotcha khungu.

Tatuu ikatha, isambitseni ndi sopo wopanda fungo kawiri patsiku, ipukuteni mosakhula, n'kupaka mafuta ochepa kwambiri. Imayamba kusupuka pakatha masiku 4 mpaka 7. Musakande, chifukwa nkhanambo ikachoka msanga imatenga inki. Musasambire kapena kuiwotcha padzuwa kwa masabata atatu. Ikamatentha, kutuluka mafinya kapena kufiira kukamafalikira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pakatha masabata 6 bwererani kwa wojambula akayang'ane timadontho ndi mizere yopyapyala, monga bindu ndi kadontho ka Om, chifukwa ndi timene timayamba kuzimirira.