Screed ya nyumba yatsopano imauma masiku angati?

Eni nyumba ambiri akangoona kuti fulo yayera pamwamba ndipo akuponda osasiya mapazi, basi mawa lake aitana wa matailosi. Chonde dikirani kaye. Screed ya mchenga ndi simenti ija mmisiri amayala pamwamba pa silabu imalimba msanga, pakatha maola 24 mpaka 48 mutha kuyendapo mosamala, koma mkatimo madzi amakhala adakali tho, ndipo madzi amenewo ndi amene amadzaononga zomwe mwaika pamwamba.

Sabata yoyamba ntchito yanu nkusunga madziwo kuti asathawe. Simenti imafuna madzi kuti igwire mphamvu, nde akauluka msanga pamwamba pamayamba kufumbutuka mukasesa, ming'alu mbwee, m'mbali mumatukuka moti mukagogoda pamamveka kuti pansi pali mphako. Phimbani fulo yonse ndi pepala la pulasitiki masiku 7, m'mphepete mutsindire ndi matabwa, zitseko zikhale zotseka. Wilibala ndi matumba a simenti zisalowemo.

Mukavundukula mpomwe kuwerenga kumayambira. Amisiri amawerenga tsiku 1 pa milimita iliyonse mpaka mamilimita 40, kupitirira apo milimita iliyonse ndi masiku 2. Ndiye screed ya 40mm ndi masiku 40, ya 50mm masiku 60, ya 75mm masiku 110, miyezi itatu nkupitirirako ndithu. Anthu amadabwa kuti kuonjezera pang'ono chabe masiku nkuchuluka chonchi, koma madzi amatulukira pamwamba pokha, a pansi ulendo wake ndi wautali, chimodzimodzi bulangete lochindikala lomwe kunja lauma koma mukalifinya mkati muli chinyezi. Komanso masiku amenewa ndi a nyumba yofunda cha m'ma 20 digiri yodutsa mpweya bwino, nthawi ya mvula kapena yozizira onjezerani. Ngati silabu nayonso njatsopano, madzi ake adzadutsira mu screed momwemo, pulasitala wa m'makoma naye akutulutsa ake mchipinda chomwecho.

Tsono zimatengeranso mukufuna kuikapo chani. Matailosi sachita mantha kwambiri ndi chinyezi, olo choncho musawaike masabata atatu asanakwane, chifukwa screed ikamauma imakhwinyata, nde matailosi akagwira msanga amasweka kapena kutukuka okha pakati pa chipinda. Matabwa, laminate (timatabwa tochita kupanga), vinyl (choyala pansi cha pulasitiki), kapeti ndi penti ya pansi, izi dikirani masiku onse aja osachotserako. Matabwa amafufuma nkupindika, guluu amamatuka, pansi pa kapeti pamamera chuku mpaka nyumba yatsopano kumanunkha, ine zimandiwawa kuona munthu akumatula zinthu zomwe wavutikira chifukwa cha masabata awiri okha omwe sanadikire.

Osadalira maso. Dulani pulasitiki yoonekera mkati masentimita 45 mbali zonse, muimate pansi ndi selotepu osasiya mpata, musiye maola 24. Chitani malo angapo makamaka m'makona ndi mchipinda chomwe dzuwa silifika. Mukapeza timadontho kunsi kwa pulasitikiyo kapena pamalopo pada kusiyana ndi pambali, sipanaume. Pakakhala pouma gwa ndi chizindikiro chabwino koma pa matabwa ndi vinyl sizokwanira, pemphani woika ayeze ndi hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi, ndipo chinyezicho chisapitirire 75 peresenti.

Kufulumizitsa kulipo koma kwa pang'onopang'ono, sabata yoyamba ija ikatha tsegulani mawindo mbali ziwiri, fani kapena dehumidifier (makina ochotsa chinyezi mumpweya) zimathandiza, ndipo chotsani katundu yense pansi chifukwa pomwe pali katoni sipauma. Moto kapena hita ya gasi ayi, zimang'ambitsa pamwamba komanso gasi akamayaka amatulutsa chinyezi china. Ngati tsiku lolowa m'nyumba layandikira, kambiranani ndi mmisiri asanayale, pali screed zouma msanga zomwe masiku ake amalembedwa pathumba. Mumufunse wayala mamilimita angati chipinda chilichonse, mulembe pakhoma ndi pensulo pamodzi ndi deti lomwe wayala.