Musanalipire abaya ya pa Facebook

Abale ndi alongo, Eid ikayandikira akathyali ogulitsa abaya (chovala chachitali cha amayi achisilamu) ndi mikanjo pa Facebook ndi WhatsApp amachuluka kuno ku Johannesburg. Musanatumize ndalama, muimbireni wogulitsayo pa vidiyo. Akuonetseni chovala chenichenicho, ayeze kutalika kwake ndi tepi, kenako aunike nsaluyo ndi tochi kumbuyo kwake. Ikamaonekera mkati isiyeni, simungavale poswali. Zithunzi amangoba kwa ena, koma pa vidiyo wabodza amagwidwa msanga.

Akakana, kapena akaumirira kuti mulipire pa eWallet (njira yotumizira ndalama ku nambala ya foni), musapitirize. Ndalama ikatapidwa kubweza n'kovuta. Kulumbira kwake koti "Wallahi" kusakufewetseni mtima. Ndi bwino kukumana masana pamalo a anthu ambiri ngati Oriental Plaza ku Fordsburg, n'kulipira chovala mutachigwira. Ngati akuberani kale, sungani mauthenga onse, kaneneni kubanki ndi kupolisi tsiku lomwelo.