Momwe mungasankhire filesystem ya fulashi yolumikiza pa NAS kapena rauta ya kunyumba

Marauta ambiri a m'nyumba za muno mu Blantyre ali ndi kabowo ka USB kumbuyo komwe kamangodzaza fumbi. Enanso muli ndi kabokosi ka NAS, ka Synology kapena QNAP, kosungira zithunzi ndi makanema a banja. Mukalowetsapo fulashi, aliyense amene ali pa Wi-Fi ya panyumbapo atha kuikamo ndi kutengamo mafayilo. Chofunika kuganizira kaye ndi filesystem, ndondomeko imene makina amalembera kuti fayilo iliyonse yagona pati m'fulashimo.

Musanafomate, iyeseni fulashiyo. Mafulashi achinyengo alipo ndithu pamsika: pachikuto alemba malo ambiri, mkati muli ochepa, ndipo mukadutsa malire enieniwo mafayilo amawonongeka mwakachetechete. Pa Windows gwiritsani ntchito H2testw, pa Linux kapena Mac gwiritsani F3. Mapulogalamuwa amadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenganso zomwe alemba. Zimatenga maola, koma ikalephera mudzakhala mwadziwa zithunzi za ana zisanalowemo. Ngati m'fulashimo muli kale zinthu, zikopereni kwina, chifukwa kufomata kumafufuta zonse.

Kenako dzifunseni: kodi fulashiyi izikhala pa kabokosipo usana ndi usiku, kapena muziizula kupita nayo kuntchito ku Ginnery Corner kapena kokasindikiza zikalata ku Limbe?

Ngati izikhala pamalo amodzi, sankhani ext4. Ndimalimbikira pamenepa chifukwa cha magetsi athu. Ma NAS ndi marauta ambiri amayendera Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina ngati mmene ilili Windows, ndipo ext4 ndi yakeyake ya Linux kuyambira 2008. Ili ndi kaundula wamkati: isanasinthe ndondomeko ya mafayilo, imayamba yalemba m'kaundulamo zomwe ikufuna kuchita. Magetsi akathima ntchito ili mkati, makina akayakanso amawerenga kaundulayo n'kukonza pomwe panatsalira. Fayilo imene imalembedwa nthawi imeneyoyo mutha kuitaya, koma zina zonse zimakhala pamalo pake. FAT32 ndi exFAT zilibe kaundula wotere, ndiye bulakauti imodzi yobwera pa nthawi yoipa itha kusokoneza foda yathunthu. Ena amaopa kuti Windows siwerenga ext4. N'zoona mukailowetsa fulashiyo mu laputopu mwachindunji, koma kudzera pa netiweki vutoli palibe, chifukwa kabokosiko ndiko kamawerenga n'kumatumiza mafayilo kudzera pa SMB, njira yogawanirana mafayilo pa netiweki yomwe Windows imaidziwa.

Ngati iziyendayenda, tengani exFAT. Microsoft inaitulutsa mu 2006 poganizira zosungira za mtundu wa fulashi, ndipo Windows ndi Mac zonse zimaiwerenga ndi kulembamo. Linux inailandira mu kernel (chimake cha Linux) 5.4 mu 2019, choncho rauta yakale mwina siidziwa. Onani kaye m'kabuku kake. Pa Synology pamafunika kuika kapulogalamu ka exFAT Access, komwe n'kaulere kuyambira pa DSM 7.0 (DSM ndi pulogalamu yoyendetsa kabokosi ka Synology).

FAT32 isiyeni pokhapokha rauta yanu ikukana zina zonse. Fayilo imodzi siingapitirire 4GB, ndipo kanema wa ukwati kapena wa chinkhoswe wojambulidwa bwino amaposa pamenepo mosavuta. NTFS ili ndi kaundula, inde, koma marauta ambiri amaiwerenga kudzera pa pulogalamu ya ntfs-3g, yomwe imalemetsa kapurosesa kawo kakang'ono, ndiye kukopera kumayenda ngati nkhono. Mac nayo imangowerenga NTFS, kulembamo ayi.

Mukasankha, fomatani fulashiyo pa makina omwe izikhalapo. Pa Synology lowani mu Control Panel, pitani pa External Devices, dinani fulashiyo, kenako Format, n'kusankha EXT4. Pa rauta yoyendera OpenWrt, mtundu wa Linux wa marauta, ikani pulogalamu ya e2fsprogs, kenako lembani lamulo la mkfs.ext4 ndi dzina la gawo la fulashiyo, monga /dev/sda1. Yang'anitsitsani dzinalo kawiri. Mukaphonya chilembo chimodzi mufufuta diski ina.

Fulashi imatha ndi kulembedwalembedwa, choncho ichepetsereni ntchito. Pomwe makina akulolani, onjezerani mawu akuti noatime pa malamulo olumikizira fulashiyo, kuti asamalembe nthawi yomwe fayilo yatsegulidwa. Musaikepo swap (malo omwe makina amabwereka memori ikadzaza) kapena malogi (zolemba za zomwe makina akuchita) olembedwa mphindi iliyonse. Odziwa bwino Linux atha kuyesa filesystem ya F2FS, yomwe Samsung inapangira zosungira za fulashi, koma ma NAS ambiri ogula m'sitolo saipereka pa mndandanda wawo, ndiye kwa banja wamba ine sindingaiyambe.

Pozula, dinani Eject kaye n'kudikira kuti makina anene kuti zatheka, makamaka ngati ndi exFAT, chifukwa zina zomwe mwakopera zimakhala zikadali m'memori. Zithunzi za maliro a agogo kapena satifiketi za sukulu zisungeninso pa diski ina yomwe siilumikizidwa nthawi zonse, poti fulashi ikafa nthawi zambiri siichenjeza. Ndipo ngati thumba likulola, gulani ka UPS kakang'ono, kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima, kolumikiza ku NAS ndi chingwe cha USB, kuti magetsi akathima kabokosiko kazikhala ndi mpata womaliza kulemba n'kudziteteza kokha batire isanathe.